Buku Lothyoka Msana

Tsikulo kunacha ndi mvumbi, mvula yosafuna kugwa komanso yosafuna kuleka, yongonyowetsa makoma ndi kuziziritsa mapazi. A Chidendene anali atavala kale jekete, akuika m'jumbo nsapato za anthu zimene anagona nazo kunyumba kuti guluu aume bwino, pamene mwana wawo anawaitana kuti adzaone.

Dzina la Chidendene anawapatsa ndi anthu a mumsewu umene ankasokerako nsapato, chifukwa munthu akawapatsa moni iwo ankayamba ayang'ana kumapazi kwake. Mwanayo mayi ake ankamutchula Timba, poti anabadwa wochepa ngati kambalame, ndipo dzinalo linamukakamira ngakhale tsopano anali mayi wamkulu, wobwerako ku banja, wogwira ntchito yosita pamalo ena ochapira zovala. Panyumbapo anatsala awiriwo basi.

Timba anali patebulo, Baibulo la malemu mayi ake lili m'manja. Analiimika chamsana, nalipanikiza ndi zikhatho uku ndi uku, natsinzina, milomo ikuyenda popanda mawu. Kenako anachotsa manja. Bukulo linaima kanthawi ngati likuganiza, n'kugwa lokha mbali ziwiri.

"Mwaona, Bambo? Pomwe paja. Lero ndi kachitatu."

Anaika chala pamawuwo n'kuwerenga. Inali nkhani ya mfumu ina imene inadwala mwakayakaya, nitembenukira kukhoma, nilira. Mulungu anatuma mneneri kukaiuza kuti pemphero lake lamveka, misozi yake yaoneka, ndipo iwonjezeredwa zaka khumi ndi zisanu. Timba atamaliza anatseka bukulo mofatsa, nanena kuti Lachinayi kuchipatala sapita.

Lachinayi linali tsiku limene madokotala anaika kuti amuchotse chotupa cha m'bere lakumanzere. Tsikulo analidikira miyezi, akupita n'kubwezedwa, akupita n'kubwezedwa. Dokotala anawauza onse awiri, bambo ndi mwana, m'kachipinda konunkha mankhwala, kuti chinthucho achipeza chikadali chaching'ono, sichinayambe kuyenda m'thupi, ndipo chikachotsedwa tsopano munthuyu akhoza kukalamba ngati wina aliyense. Za chimene chingachitike akachedwa sananene, anangotembenuza cholembera m'zala zake. Panalibenso chifukwa chonenera. Matenda omwewo ndi amene anatenga mayi ake a Timba.

A Chidendene anayang'ana bukulo, nayang'ana mwana wawo.

"Tiyi wako wazizira," anatero, n'kutuluka.

Kashopu kawo kanapanikizika pakati pa wometa ndi wogulitsa zitsulo za njinga. Munkangokwana benchi, mpando wa wodikira ndi shelefu ya nsapato zimene eni ake anaziiwala kalekale. Pakona denga linkadontha, ndipo chitini chimene ankatcherapo chinali chitayamba kale kuimba. Anakhala pansi, natenga kansapato ka sukulu koyasama kutsogolo, koma singano inangokhala m'dzanja.

Iwo ankadziwa chifukwa chimene bukulo linkatsegukira pamenepo.

Mkazi wawo sankawerenga motsinzina. Akatha kudya madzulo ankapukuta tebulo, kusamba m'manja, n'kuyambira pamene analekezera dzulo lake, chaputala chonse mokweza, iwo ali pambali akupaka phula ulusi wa mawa. Pakati pa nkhani ankaima n'kufunsa kuti akulankhulayu ndani, nanga akuuza ndani, zinthu zili bwanji kumeneko. A Chidendene ankangoti kaya. Mkaziyo ankaseka n'kumati ali ndi mpingo wa munthu mmodzi, woti ndi ameni yemwe amachita kumupempha. Akakumana ndi vesi louma sankalikakamiza. Ankati tiyeni kutsogoloku, mwina mwini wake adzimasulira yekha, ndipo akapanda kudzimasulira ankalisiya choncho, n'kunena kuti zina tidzakazimvera komweko. Koma akamva kuti wina watola vesi limodzi n'kuthamanga nalo, ankapukusa mutu. Ankati Baibulo si ula, ndipo munthu wobwera kwa ilo yankho lili kale m'thumba amangobwera kudzasainitsa Mulungu.

Miyezi yake yomaliza anaikonda kwambiri nkhani ya mfumu yolira ija. Tsiku lina a Chidendene analimba mtima n'kumufunsa ngati nayenso akuyembekeza zaka khumi ndi zisanu. Iye anati ayi, zakazo anapatsidwa mwini wake ndipo anazidya kalekale. Chake pamenepo chinali chakuti munthu akhoza kutembenukira kukhoma n'kulira, Mulungu osamutenga ngati wopanda chikhulupiriro. Ankawerenga ali chigonere, manja akalema n'kulivundikira bukulo pachifuwa lili chitsegukire, tulo n'kumuba. Lamulungu lina masana anatembenuka ali m'tulo n'kuligonera. A Chidendene anali pampando pambali pa bedi akuingitsa ntchentche, ndipo anamva ndi makutu awo ulusi wa kumsana ukuduka, kuti thyo. Kuyambira pamenepo, ukaliimika linkagwera pomwepo, ngati nsapato yozolowera phazi la mwini wake. Ankati adzalisoka. Mkaziyo atapita analibenso mtima woligwira.

Chakumasana kunabwera mlamu wawo, mng'ono wake wa malemu, amene ankagulitsa zovala za kaunjika kumsika. Analowa akukutumula ambulera, navula nsapato imodzi yoduka lamba, naiponya pabenchi.

"Alamu, zaka zonsezi mukundiyang'anabe kumapazi? Nkhope ndili nayo, ndipo siinathe kwenikweni. N'chifukwa chake simukupeza wina."

A Chidendene anatola nsapatoyo n'kuyamba kuboola.

Mlamuyo anakhala pampando wa wodikira, phazi lopanda nsapato atalisanjika pa linzake, nanena kuti Timba wamuimbira foni. Sanabise kuti njira yoimika buku ija anamuphunzitsa ndi iye. Anati amatero ndi azimayi anzake a mapemphero, ndipo wina anapeza nayo ntchito, wina anapeza nayo mwamuna, ngakhale kuti mwamunayo anadzathawa.

"Bukulo n'lothyoka," anatero a Chidendene.

"Wothyoka ndinu, alamu. Buku la akulu anga lili bwinobwino."

Anamufotokozera mwachidule, maso ali pa lamba. Mlamuyo anamvetsera, kuseka kukuuma pankhope pake. Anati iye sadana ndi chipatala, mapiritsi a kuthamanga kwa magazi amamwa m'mawa uliwonse osaphonya. Koma iye ndani kuti atsutse chinthu chabwera katatu? Komanso mkulu wake anamvera madokotala, anamudula, n'kubwerako theka la munthu, ndipo mathero ake onse akuwadziwa. A Chidendene anati uja anapita mochedwa, uyu akadali ndi nthawi. Mlamuyo anati zimenezo akanene kwa mwini thupi. Anavala nsapato, napondaponda kuiyesa, nati ikadukanso abwera pompano, poti kulibe kwina kumene angamunyoze munthu osabwezedwa. Ali pakhomo anatembenuka.

"Mwamuona nkhope mwana uja masiku ano? Wayambanso kudya, alamu."

Tsikulo a Chidendene anatseka shopu msanga. Anapeza Timba akuwasitira malaya a kutchalitchi, akung'ung'uza kanyimbo. Zinali zoona. Nkhope inali itamasuka, mapewa atatsika, ndipo mbale yake inali pasinki yopanda chotsala. Chichokere m'kachipinda ka dokotala kaja sanamuonepo chonchi, ndipo chimene iwo anafulumirira kunyumba chinali kudzamulanda zimenezi. Anapukuta tebulo, nakasamba m'manja mpaka polishi wa m'zikhadabo atachepako, natenga bukulo.

"Tiwerenge. Kuyambira pamwamba."

Timba anaimika simbi, nakhala. Iwo ankawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsogolera, mawu aatali akuwadula pakati ngati chikopa. Atafika pa lonjezo lija anaima.

"Akuuzidwayu ndani?"

"Mfumu."

"Iwe ndiwe mfumu?"

"Mwayamba za amayi," anatero Timba akumwetulira.

Iwo anapitiriza, natembenuza tsamba. Kuseriko kunali nyimbo imene mfumu ija inaimba itachira, ndipo kumapeto kwenikweni, pamene ambiri amakhala atatseka kale buku, panali timizere tochepa. Mneneri yemwe uja analamula kuti atenge nkhuyu, azimate pachithupsa cha mfumuyo kuti ichire. A Chidendene anagogoda pamenepo ndi chala.

"Analonjezedwa. Koma mankhwala anapakabe."

"Ndiye mawa mundigulire nkhuyu. Pamenepo palibe mpeni, Bambo."

A Chidendene ananyamula bukulo napita nalo pawindo. Analipinda chagada kuti kuwala kulowe m'kati mwa msana, namuonetsa ulusi woduka ndi guluu wakale wong'aluka ngati chidendene cha m'chilimwe. Anamuuza za Lamulungu lija, za ntchentche, za kulira kwa ulusi. Anati buku lililonse likathyoka limagwera pothyokapo, likhale la Mulungu, likhale la masamu. Chimwalirire mkazi wawo anali asanalankhulepo motalika chonchi.

Timba anasisita mng'aluwo ndi chala nthawi yaitali. Kenako anati ndiye kuti amayi anamukonzera malo asanapite. Mulungu anadziwiratu kuti tsiku lina mwana wawo adzasowa pogwira, n'chifukwa chake anawagoneka pa tsamba limeneli osati lina.

A Chidendene anati si choncho. Anati mayi ake sankawerenga choncho.

"Amayi ankawerenga bwino, ndikudziwa. Ankafunsa kuti ndani, akuuza ndani, kunali liti. Nanga lero ali kuti?" Timba sanakweze mawu. "Inu munkakhala kushopu. Bala lija ndinkatsuka ndine, m'mawa ndi madzulo, ndipo fungo lake lidakali m'mphuno mwangamu. Masiku ano ndi pamene ndayamba kugona osalilota. Musandilande, Bambo."

Zonsezo zinali zoona. Masiku amenewo iwo ankathawiradi kushopu, kumasoka ndi nsapato zosafunika kusoka zomwe. Anabwezera bukulo patebulo. Simbi inali itazizira, ndipo Timba anaiyatsanso n'kumalizitsa kolala.

Mawa lake a Chidendene anakatenga abusa. Abusawo anafika mathalauza atanyowa mpaka m'mawondo, nalankhula bwino ndithu, za Mulungu amene amachiritsa kudzeranso m'manja mwa anthu, za kuipa komuyesa Mulungu. Timba anawapatsa tiyi, akuvomera chilichonse, inde abusa, zoonadi abusa, nawaperekeza mpaka pageti. Pobwerera anatsuka makapu n'kunena kuti abusa ndi munthu wabwino, koma chotupa chili pa iye, ndipo mawu anabwera kwa iye.

Lachitatu m'mawa a Chidendene anaika bukulo m'jumbo pamodzi ndi nsapato. Anati akukamata chikuto, chayamba kulekana ndi masamba. Timba anati alisamale lisanyowe.

Maganizowo sanachite kuwaitana, anangobwera okha. Ngati chimene mwanayo akumvera ndi msana wothyoka, msana ukhoza kuthyokanso pena. Ankakumbukira kuti mkazi wawo anawerengapo penapake pamene Ambuye ananena kuti ofuna dokotala ndi odwala, osati olimba. Malo ake sankawadziwa. Anafufuza m'mawa wonse, kunyambita chala n'kutembenuza, kunyambita chala n'kutembenuza, nsapato za anthu zili mbwee pansi. Wometa anasuzumira kawiri, n'kufunsa ngati shopu yasanduka tchalitchi, kuti naye adziwe kopereka chakhumi. Iwo sanadzutse mutu. Mawuwo anawapeza chakumasana, pa tsamba lakumanzere, chapakati.

Mwa chizolowezi chimene mkazi wawo anawasiyira, anabwerera m'mwamba pang'ono kuti aone akulankhula ndani, akuuza ndani. Ambuye anali pachakudya, atazunguliridwa ndi okhometsa msonkho ndi anthu ena a mbiri zoipa, ndipo akuluakulu a chipembedzo ankadandaula nazo. Odwala amene ankanenedwawo anali ochimwa. Za chipatala panalibepo, ngakhale pang'ono. A Chidendene anazimvetsa bwinobwino zimenezi, ngati kuti mkazi wawo wakhala pampando wa wodikira akuwayang'ana m'manja. Yankho linali m'thumba mwawo, ndipo anabwera kudzasainitsa. Manyazi anawagwira moti sanafune kuliyang'ananso tsambalo. Analekezera pomwepo, osaona zimene zinali kutsogolo.

Ntchito yeniyeniyo inali yosavuta. Analowetsa guluu mu mng'alu wakale uja ndi kamtengo, nabwezeretsa ulusi, napanikiza ndi chitsulo chokhomerapo nsapato mpaka utagwira. Kenako anatsegula pamalo atsopanowo, nalivundikira bukulo pabondo, naika zikhatho pachikuto uku ndi uku, nakankhira pansi. Linakana. Buku lakale limalimba kuposa mphira. Anawonjezera mphamvu mpaka anamva kulira komwe kuja, kuti thyo. Analiimika pabenchi n'kuchotsa manja. Linagwa pomwepo. Anabwereza, nabwerezanso. Silinaphonye. Pomaliza anamata chikuto, kuti bodza lawo likhale ndi popondera.

Madzulo ake Timba analiyamikira kuti lakongola, nalipukuta ndi kansalu, naliika pashelefu osalitsegula. A Chidendene anadya akuyang'ana m'mbale.

Lachinayi mvumbi uja unali ukadalipo. Mlamu anafika m'mamawa ndi chikwama, ati mwina mwana asintha maganizo, asadzasowe womuperekeza. M'chikwamamo munali nsalu ziwiri, sopo ndi fulasiki. Koma Timba anali atavala kale yunifolomu ya kuntchito, akumanga mpango.

A Chidendene anatsitsa bukulo naliika patebulo.

"Litsegulenso kamodzi. Chimene linene lero, ndicho tichite. Ine sindidzalankhulanso."

Mlamu anati mvula iyi siinabwere pachabe ngati ndi alamu omwe atembenuka mtima. Timba sanaseke. Anawayang'ana bambo ake m'maso n'kufunsa ngati akunenetsa, ngakhale litanena zomwe zija. Iwo anagwedeza mutu.

Timba anakhala pansi, naliimika chamsana, natsinzina. Milomo inayenda. Manja anachoka. Bukulo linagwa pamalo atsopano aja, ndipo a Chidendene ali chiimire anawaona mawu awo, kumanzere chapakati, ali poyera. Mpweya umene anaugwira unayamba kutuluka.

Chimene anaiwala chinali chala. Pamalo akale paja Timba ankadziwa kale poloza. Koma njira ya mlamu wawo inali yakuti buku likatseguka, chala chisankhe maso ali chitsinzinire. Chalacho chinakwera, chinayendayenda m'mwamba, chinadutsa pamwamba penipeni pa mawu awo aja, n'kukatera pa tsamba lakumanja, chakumunsi.

Timba anatsegula maso, nadabwa kuona malo achilendo. Anawerenga chamumtima poyamba, kenako mokweza. Inali nkhani ya mayi wina amene anadwala zaka zambiri, nadzera kumbuyo kwa Ambuye, nakhudza mphonje ya chovala chawo. Ambuye anatembenuka, namutchula mwana wamkazi, namuuza kuti alimbe mtima, chikhulupiriro chake chamuchiritsa.

Mlamu anakhala pansi pang'onopang'ono, chikwama chili pamiyendo. Ananena motsitsa, ngati wosafuna kunena, kuti nkhani yomweyi ilinso pena, ndipo kumeneko amati mayiyo anali atazungulira madokotala ambiri osathandizidwa.

A Chidendene anatambasula dzanja, naloza kumanzere.

"Werenga apa."

"Chala sichinagwe pamenepo, Bambo."

"Werenga."

Anawerenga. Kenako maso ake anakwera m'mwamba pang'ono, monga ankachitira mayi ake, natsikanso.

"Apa akunena za ochimwa. Akuyankha akuluakulu odandaula aja. Si inu munandifunsa tsiku lija kuti akuuzidwa ndani?"

"Nanga mayi wa mphonjeyo ndiwe?"

"Munati simulankhulanso."

A Chidendene anagwira mpando ndi manja onse awiri. Panali patatsala chinthu chimodzi chokha, ndipo anachinena akuyang'ana pansi.

"Ndathyola ndine. Dzulo, kushopu. Ndimafuna ligwe apa."

"Alamu," anatero mlamuyo.

Iwo ankayembekeza mkwiyo, ndipo ankaufuna. Munthu wokwiya akhoza kukankha buku, n'kukankhira kumodzi ndi njira yonse yolitsegulira. Akanawatukwana, akanawatcha onama, zonsezo akanazilandira, bola aone kuti buku limagwera kumene manja a munthu alipindira. Timba analitembenuza bukulo, naona guluu watsopano akunyezimira mu mng'alu wakale, naona ndi mng'alu watsopano. Misozi inalengeza. Anatsika pampando, nagwada, nagwira manja a bambo ake a zikhadabo zakuda aja. Anati iwo amafuna kuti bukulo linene zawo, koma Mulungu watenga manja awo omwewo n'kumufikitsa pamene amutchula mwana. Anati kakukayika kamene kanatsala mumtima mwake katha lero.

"Zikomo, Bambo."

Anadzuka, napukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, nati achedwa, dzulo kunabwera nsalu zambiri za kuhotela ndipo mnzake sangathe yekha. Anatenga ambulera n'kutuluka. Mlamu anakhalabe kanthawi akusisita zipi ya chikwama. Kenako anatulutsa fulasiki naiika patebulo, nati amutsatira, mwina alankhula naye panjira. M'mawu ake munalibe chiyembekezo, ndipo anatuluka osawanyoza.

A Chidendene anatsala okha. Pawindo panayera, ana a sukulu anadutsa n'kutha, ndipo nthawi imene anauzidwa kuti akhale atafika kuchipatala inadutsa iwo ali pampando. Kumeneko wina anaitana dzina, osayankhidwa, n'kuitana lotsatira.

Anakokera bukulo pafupi nayamba kuwerenga pamene analekezera dzulo, mzere ndi mzere, monga anayenera kuchitira poyamba. Anapeza kuti nkhani ya mayi wa mphonje ija inali m'kati mwa nkhani ina. Kunabwera bambo wina, nagwada, napempha Ambuye kuti akaike dzanja pa mwana wake wamkazi amene anali atangotsirizika. Ambuye anapita, namugwira dzanja mwanayo, ndipo anadzuka.

Chala chawo chinaima pamenepo. Mtima unalumpha kufuna kugwira, monga munthu woterereka amagwirira chilichonse, ndipo anamvetsa tsopano chimene mwana wawo ankamva. Kenako anadzifunsa okha funso la mkazi wawo lija. Bamboyo anali wina, mwana wake anali wina, ndipo onse awiri anapita kalekale. Anayesa kufufuza chawo pamenepo, monga mkazi wawo anapezera chake pa mfumu yolira ija. Anawerenganso kuyambira pamwamba mpaka pansi, koma tsikulo sanachipeze.

Analitseka bukulo, naligoneka patebulo, naika simbi pamwamba pake. Anavala jekete, nakhoma chitseko, n'kupita okha kuchipatala kukapempha tsiku lina.